Mzere wosaoneka pakati pa nyanja: asodzi akakangana, mlandu umapita kuti?

Usiku wopanda mwezi ukaima pagombe kuno ku Nkhotakota n'kuyang'ana kuvuma, nyali za kauni zimandandalika pamadzi ngati tauni yoyandama. Zina zili pafupi, zina kutali moti sungadziwe ngati ndi za anyamata athu a chilimira kapena za anzathu ochokera ku Metangula. Kukacha, mapiri a tsidya lija amaoneka bwinobwino, ndipo mapiri amenewo ndi Mozambique. Penapake pakati pa ife ndi mapiriwo pali malire a mayiko awiri. Palibe chikwangwani, palibe mwala, palibe mtengo wozikidwa. Usipa umangowoloka mmene wafunira, ndipo siginala, wotsogolera asodzi amene akuutsata ndi nyali zake, maso ake amakhala pansomba, osati pamapu.

Malume anga adasodza ndi matchela zaka zambiri. Chaka china, ine ndili mnyamata, adabwera m'mawa ndi theka la ukonde. Adautchera madzulo kutali ndithu ndi gombe, ndiye usiku boti la injini la anthu a tsidya lija lidaukola. Eni botilo pofuna kumasuka adangosolola mpeni n'kudula. Ndimawakumbukira malumewo atakhala pamchenga, ukonde wotsalawo uli pamiyendo, akuyendetsa chala pamalo podulidwapo. Ndidawafunsa kuti, "Malume, simukawasumira?" Adandiyang'ana kanthawi n'kunena kuti, "Ndikasume kuti, mphwanga? Kwa mfumu yathu kapena yawo? Nanga madzi amene ndidatchera aja ndi a ndani?"

Funso limeneli ndi lakale, ndipo si la kuno kokha. Kulikonse kumene asodzi a mayiko oyandikana amakumana pamadzi amodzi lidafunsidwapo, ndipo kwina adaliyankha kale ndi malamulo olembedwa. Chimene chimasokoneza nkhaniyi n'choti mawu akuti "mkangano wa asodzi" amaphimba milandu yosiyana. Wa malume unali wa msodzi ndi msodzi mnzake. Pali wina wa msodzi ndi boma la dziko lina, pomwe olondera panyanja akugwira, n'kukulanda injini ndi makoka. Ndiye pali waukulu, wa boma ndi boma, wolimbirana malire enieniwo. Uliwonse uli ndi bwalo lake, koma munthu wa pabwato amakumana nayo yonse usiku umodzi.

Tiyambe ndi mzerewo. Malire a m'nyanja yathu adalembedwa ndi atsamunda pamapepala osiyana, ndipo n'chifukwa chake kumpoto ndi kuno sizifanana. Pa 1 Julaye 1890 Britain ndi Germany adasainirana pangano lomwe limatchedwa la Heligoland. Lidati malire a dziko la Ajeremani, lomwe lero ndi Tanzania, azitsata gombe la kuvuma ndi la kumpoto kwa nyanja mpaka pamathiriro a mtsinje wa Songwe. Kutanthauza kuti madzi onse a chigawo chimenecho adatsala mbali ya kuno. Chaka chotsatira, 1891, Britain idapangana ndi Portugal, ndipo nakonso malire adatsata gombe. Koma mu Novembala 1954 awiriwa adakhalanso pansi n'kusuntha malire a Nyasaland ndi Mozambique kuwachotsa pagombe kuwaika pakati pa nyanja. Zilumba za Likoma ndi Chizumulu zidatsala zathu pamodzi ndi kachigawo ka madzi kozungulira, ngakhale zili mkati mwa madzi a Mozambique.

Anthu a ku Salima ndi a ku Nkhotakota nkhaniyi imawakhudza mosiyana. Ukachoka ku Senga Bay kulunjika kuvuma umakafika kwa Makanjira wa ku Mangochi, komwe ndi Malawi yemwe, chifukwa kumwera kwa nyanja magombe onse awiri ndi athu. Koma ukakwera pang'ono chakumpoto gombe la tsidya lija limasanduka Mozambique: Meponda, Metangula, Cobue. Wa ku Nkhotakota akalowa m'kati makilomita makumi angapo, wafika pamzere.

M'pangano la 1954 muli ndime ina imene anthu ambiri sadaimvepo, ndipo ine ndimaiona kuti ndiyo yamtengo wapatali kuposa mzere weniweniwo. Idati anthu a ku Nyasaland ndi a ku Mozambique ali ndi ufulu wogwiritsa ntchito madzi onse a nyanjayi posodza, bola njira zosodzera zikhale zimene maboma awiriwo agwirizana, ndiponso malamulowo asakondere mbali imodzi. Atsamunda omwewo adazindikira kuti sungadule nyanja ngati munda. Ngalawa za Jumbe zinkawoloka kuchokera pano pa Nkhotakota kupita tsidya lija kalekale mzere usadalembedwe. Anyanja ndi Ayao a mbali zonse ziwiri ndi pachibale, amakwatirana, amalirana maliro. Komabe ndisanamize munthu: msilikali wolondera panyanja lero sayenda ndi pepala la 1954 m'thumba. Amayendera lamulo la usodzi la dziko lake, ndipo lamulo limenelo limafuna laisensi ya dziko lakelo. Lathunso la usodzi, la 1997, limafuna kuti boti lakunja likhale ndi chilolezo lisanaponye khoka m'madzi a Malawi. Ndime yabwino ija imadalira kuti maboma agwirizane za njira zosodzera, ndipo pamene mgwirizano wotero sukuoneka pagombe, ufuluwo umangogona papepala.

Tsono tione mmene a kunyanja zamchere adachitira, chifukwa mlandu ngati wa malume anga adaulembera lamulo zaka zoposa 140 zapitazo. Ku North Sea asodzi a mayiko osiyanasiyana ankadulirana maukonde, kuberana, ena mpaka kumenyana. Mu 1882 mayiko asanu ndi limodzi, Britain, Germany, France, Belgium, Denmark ndi Netherlands, adakumana ku The Hague n'kulemba malamulo omwe msodzi aliyense wa ku Chia kapena ku Senga Bay angawamve osafuna loya. Boti lililonse lilembedwe zilembo ndi nambala ya doko lake, ndipo zizindikiro zomwezo zikhale pazoyandamitsa ndi zida zina. Wofika mochedwa asatchere moti asokoneze amene wayamba. Wokoka khoka pansi pamadzi apewe maukonde otcheredwa, ndipo akawaononga mlandu ndi wake pokhapokha aonetse kuti sikudali kulakwa kwake. Maukonde a anthu awiri akakolana, n'koletsedwa kudula popanda onse awiri kuvomera. Wotola ukonde wotayika akaupereke kwa akuluakulu padoko. Ngati kuonongekako n'kochepa, mkulu wa sitima yolondera ankatha kuweruza pomwepo panyanja, onse awiri akalola, n'kutchula chipepeso. Zikakanika, wolakwayo ankakazengedwa kukhoti la dziko la boti lake.

Taonani pamene padagona nzeru. Mayiko aja sadadikire kuti athetse kaye mikangano yawo yonse ya ndale. Adangoti, msodzi adziwike, ukonde udziwike mwini wake, ndipo wolakwiridwa adziwe khomo loti agogode. Mu 1967 malamulo ofanana ndi amenewa adakonzedwanso ku London kuti agwire ntchito kumpoto kwa nyanja ya Atlantic.

Lamulo lalikulu la nyanja zamchere lero ndi pangano la United Nations lomwe lidasainidwa ku Montego Bay, Jamaica, mu Disembala 1982 n'kuyamba kugwira ntchito mu 1994. Ambiri amalitchula UNCLOS. Lidabwera mayiko atatopa ndi kukangana. Britain ndi Iceland, mwachitsanzo, adalimbana pankhani ya nsomba kuyambira 1958 mpaka 1976, sitima za Iceland zikudula zingwe za makoka a Angerezi, sitima zankhondo zikugundana. Panganoli lidati dziko lililonse la m'mphepete mwa nyanja lili ndi ulamuliro wonse pamadzi ofika mamailosi 12 a panyanja kuchokera pagombe, omwe ndi makilomita pafupifupi 22, komanso ndilo mwini nsomba mpaka mamailosi 200, makilomita pafupifupi 370.

Kwa msodzi wamba, mtima wa panganoli uli mundime 73. Imalola dziko kukwera m'boti lachilendo lomwe likusodza m'chigawo cha mamailosi 200 chija, kulifufuza, kuligwira ndi kulizenga mlandu. Koma imaikanso malire pamkwiyo wa dzikolo. Boti ndi anthu ake amasulidwe msanga akapereka chikole choyenera. Chilango cha mlandu wa usodzi chisakhale ndende, pokhapokha mayiko awiriwo atagwirizana mwina, ndipo kumenya kulikonse n'koletsedwa. Dziko la eni boti lidziwitsidwe mwachangu. Ngati dziko logwiralo likuzengereza, pakatha masiku 10 dziko la eni boti likhoza kukadandaula kukhoti la malamulo a panyanja lomwe lili ku Hamburg, Germany, la oweruza 21. Khotilo pamlandu wotere silifunsa ngati msodzi adalakwa kapena ayi. Limangoona ngati chikole chili choyenera n'kulamula kuti anthu apite kwawo, mlandu uzipitirira. Mlandu wake woyamba, mu 1997, udali wa sitima yotchedwa Saiga yomwe dziko la Guinea lidaigwira itagulitsa mafuta kwa maboti a asodzi, ndipo chigamulo chidatuluka m'milungu yochepa chabe. Mu 2007 Japan idadzera njira yomweyo kuti Russia imasule sitima ya asodzi yotchedwa Hoshinmaru.

Ndimaganiza za ndime imeneyi ndikaona amayi atakhala pathandala lopanda usipa, akudikira amuna awo omwe sadabwere. Mwina mwera udawakankha, mwina injini idazima pakati pa nyanja, mwina adatsatadi nsomba mwadala n'kudumpha mzere. Chimene mayiyo akufuna kudziwa n'chimodzi: ali kuti, ndipo abwera liti? Ndime 73 idalembedwa poyankha funso lomwelo.

Koma UNCLOS ndi lamulo la nyanja zamchere. Nyanja ya Malawi, ngakhale italika makilomita oposa 550 ndipo mafunde ake amamiza maboti, m'malamulo ndi madzi a m'kati mwa mayiko. Khoti la ku Hamburg lilibe mphamvu pano. Palibenso pangano la dziko lonse lapansi lonena kuti nyanja ya pakati pa mayiko izigawidwa motani. Iliyonse imatsata mapangano ake. Ndiye msodzi wa ku Beira kapena ku Dar es Salaam akagwidwa m'madzi a eni ake kunyanja ya Indian ali ndi chitetezo cholembedwa chomwe mnzake wa ku Nkhotakota alibe.

Apa ndi pamene mkangano wa Malawi ndi Tanzania umalowera. Ena anganene kuti Tanzania ili kutali ndi ife, koma asodzi sakhala malo amodzi. Anyamata a kuno amasamukira ku Nkhata Bay, ku Usisya mpaka ku Karonga kutsata usipa, monganso Atonga amatsikira kuno. Malawi imati pangano la 1890 likadali moyo, ndipo imakumbutsa kuti mu 1964 ku Cairo atsogoleri a Africa adagwirizana zolemekeza malire omwe adawapeza polandira ufulu. Tanzania imati malire ayenera kudutsa pakati pa madzi monga zilili ndi Mozambique komanso nyanja zina zambiri, ndipo imaloza mapu ena a nthawi ya atsamunda omwe adajambula mzere pakati. Nkhaniyi idabuka m'zaka za m'ma 1960 nthawi ya Kamuzu Banda ndi Julius Nyerere, idazizira, kenako idayakanso mu 2012, Malawi itapereka chilolezo chofufuza mafuta panyanja ku kampani ya Surestream chaka cham'mbuyo mwake. Mayiko awiriwa adapempha atsogoleri opuma, Joaquim Chissano, Thabo Mbeki ndi Festus Mogae, kuti akhale amkhalapakati, koma zokambiranazo zidaima mu 2014 popanda chigamulo. Akuluakulu adati mlandu suwola, ndipo uwu sudawole.

Ambiri amafunsa chifukwa chimene sitingopitira kukhoti la dziko lonse ku The Hague. Yankho lake n'lakuti khoti limenelo silikoka dziko ndi chingwe. Limaweruza mayiko omwe avomera kuweruzidwa. Malawi idavomera mphamvu za khotilo kuyambira 1966, koma Tanzania sidapereke chivomerezo chotere, choncho mlandu ungapite kokha ngati mbali zonse ziwiri zalemba pamodzi kuti tiweruzeni. Botswana ndi Namibia adachita zimenezo pokanganirana kachilumba ka mumtsinje wa Chobe kotchedwa Kasikili kapena Sedudu, ndipo mu 1999 khoti lidagamula mogwiritsa ntchito pangano lomwe lija la 1890. Pamlandu wa Cameroon ndi Nigeria mu 2002, wokhudza Bakassi ndi midzi ya asodzi kunyanja ya Chad, khotilo lidatsatanso mapepala a atsamunda. Ine ndimaona kuti pepala lathu ndi lolimba. Koma khoti limeneli ndi la maboma okhaokha. Msodzi, kaya alandidwe injini ya ndalama zochuluka bwanji, sangakasume kumeneko yekha. Boma lake ndilo lingamunyamulire mlandu, ngati lafuna.

Chomwe chimandipatsa mtima m'zigamulo zimenezi ndi mmene oweruza amasiyanitsira umwini wa malo ndi ufulu wosodza. Pa Kasikili paja, chilumba chidapita ku Botswana, koma khoti lidanenetsa kuti anthu a mayiko onse awiri azichitiridwa mofanana m'madzi ozungulira chilumbacho. Eritrea ndi Yemen adawomberana mfuti mu 1995 polimbirana zilumba za Hanish ku Red Sea. Oweruza mu 1998 adapereka zilumba zikuluzikulu ku Yemen, koma adalamula kuti asodzi ang'onoang'ono a mbali zonse apitirize kusodza monga ankachitira makolo awo, ndipo mu 1999 adaonjezera kuti ufuluwo ukuphatikizapo kukocheza ndi kugulitsa nsomba m'madoko a mbali inayo. Mu 2009 khoti la ku The Hague lidatinso anthu a ku Costa Rica okhala m'mphepete mwa mtsinje wa San Juan, womwe madzi ake ndi a Nicaragua, ali ndi ufulu wowedza ndiwo zapakhomo chifukwa akhala akutero kuyambira kale popanda wowaletsa. Mfundo yake ndi yomwe ija ya 1954: mzere ukhoza kukhala pamene uli, koma m'phika wa munthu wa pagombe usazime nawo moto. Ufulu umenewu ndi wa bwato ndi kaboti, osati wa matrola a makampani.

Mu UNCLOS momwemo muli kandime kena, mundime 74, komwe ndikadakonda atsogoleri athu atakabwereka. Kamati mayiko akamakanganirabe malire, ayesetse kupangana zongogwirizira za tsiku ndi tsiku, ndipo kupangana kotero sikutanthauza kuti wina wagonja pamlandu wa malirewo. Kuno chimene chimaopsa maboma n'chomwecho: aliyense amaopa kuti akasainira kanthu kokhudza nyanja, mawa mnzake adzati wavomera mzere wanga. Koma chiganizo chimodzi chonena kuti panganoli silikhudza malire chimachotsa mantha amenewo, ndipo mayiko ambiri adachigwiritsa ntchito.

Anzathu a nyanja zina za mu Africa adayesako. Kenya, Uganda ndi Tanzania adakhazikitsa bungwe loyang'anira usodzi panyanja ya Victoria mu 1994, likulu lake ku Jinja. Sikuti mavuto adatha. Kachilumba ka Migingo, kosaposa bwalo la mpira, kadatsala pang'ono kuyambanitsa Kenya ndi Uganda, ndipo asodzi amagwidwabe. Koma pali tebulo lokhalapo, ndipo saizi ya maso a ukonde amakambirana pamodzi. Mayiko anayi a nyanja ya Tanganyika, omwe ndi Burundi, DRC, Tanzania ndi Zambia, adasainirana pangano mu 2003 n'kutsegula ofesi ku Bujumbura, ndipo pambuyo pake adagwirizana zotseka nyanja miyezi itatu, Meyi mpaka Ogasiti, ngakhale sadayambe onse chaka chimodzi. Nyanja yathu, yomwe ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere padziko lapansi, ilibe bungwe lotere la mayiko atatu. Ngakhale dzina sitigwirizana: ife timati Malawi, a ku Tanzania amati Nyasa, a ku Mozambique amati Niassa. M'zaka za m'ma 1990 akatswiri a mayiko atatuwa adagwira ntchito limodzi pa Senga Bay pomwepa, pansi pa SADC, akufufuza za nsomba ndi madzi a nyanjayi. Asayansi adatha kukwera boti limodzi. Andale ndiwo adatsalira pagombe.

Chikalata chokhalira pansi chilipo kale, ndipo chidasainidwa kwathu konkuno. Mu Ogasiti 2001 atsogoleri a SADC adasainira ku Blantyre pangano la usodzi lokhudza nyanja zamchere ndi za m'kati momwe. Limauza mayiko kuti nsomba zogawana aziyang'anire limodzi, malamulo awo awayandikizitse, ndipo asodzi ang'onoang'ono omwe akhala akusodza modutsa malire kuyambira kale awakonzere njira yachilungamo yoti apitirize. Mikangano idayenera kupita kukhoti la SADC ku Windhoek. Khoti limenelo lidaimitsidwa mu 2010 litagamula milandu ya minda ya ku Zimbabwe mosakomera boma la kumeneko, ndipo khomo loti munthu wamba akasumire boma kumeneko lidatsekedwa.

Kusiyana kwa malamulo si nkhani ya m'mabuku chabe, ndiko kumabala ndewu zambiri. Kuno makoka okokera kugombe amaletsedwa kuyambira pa 1 Novembala mpaka pa 31 Disembala kuti chambo chiswane. Msodzi amene wapachika khoka lake miyezi iwiri, ana akudya nsima ya masamba, akaona nyali zikuyaka tsidya lija mtima umamuwawa, ndipo ena amangowoloka. Ku nyanja ya Chiuta, yomwenso timagawana ndi Mozambique, asodzi a mbali ya Malawi adagwirizana m'zaka za m'ma 1990 zothamangitsa nkacha, makoka a maso ang'onoang'ono, koma eni nkachawo adangosamukira mbali inayo n'kumakokolola nsomba zomwezo. Mozambique nayo mu 2011 idaika mbali yake ya nyanja yathuyi kukhala malo otetezedwa, okhala ndi malamulo ake. Wa ku Nkhotakota angawadziwe bwanji malamulo amenewo, olembedwa m'Chipwitikizi, ngati palibe womuuza?

Chodabwitsa n'chakuti luso loweruza milandu ya panyanja tili nalo kale. Pitani ku Mbenje, chilumba cha m'dera la Senior Chief Makanjira ku Salima. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950 chilumbachi chimatsekedwa nyengo ya dzinja, cha mu Disembala mpaka Epulo, ndipo chimatsegulidwa ndi mwambo pagombe la Chikombe. Mowa, chamba ndi njuga n'zoletsedwa. Asodzi amachokera m'maboma osiyanasiyana, ziyankhulo zosiyanasiyana, koma akafika amamvera lamulo limodzi, ndipo wolakwa amaweruzidwa msanga, pena kuthamangitsidwa pachilumbapo. Utaka wa ku Mbenje ukuchitira umboni mpaka lero. Lamulo la 1997 lidatsegula khomo loti anthu a m'midzi azitenga mbali poyang'anira nsomba, ndipo makomiti a m'madoko, ma BVC, omwe adayambira ku Malombe cha mu 1993, adafalikira nyanja yonse. Ena ndi ofooka, ena amalandira kangachepe n'kutseka maso, tisabise. Koma kumene komiti ndi mfumu zikugwirizana, mlandu wa ukonde umatha tsiku limodzi pansi pa mtengo. Mphamvu zawo zimangothera pamzere uja. BVC ya kuno singaitanitse munthu wa ku Metangula, ndipo khoti la majisitireti ku Nkhotakota, ngakhale litamva mlandu wochitikira m'madzi a Malawi, samani yake siwoloka nyanja yokha.

Nanga amene wagwidwa tsidya lija ali ndi chiyani m'manja? Adzaweruzidwa ndi malamulo a dziko limenelo, zimenezo n'zosathawika. Koma pangano la ku Vienna la 1963 limati mlendo akamangidwa auzidwe kuti ali ndi ufulu woti akazembe a dziko lake adziwitsidwe, ndipo iye akapempha, akuluakulu a kumeneko atumize uthengawo mosazengereza. Ndi ufulu woti munthu aupemphe ndi pakamwa pake. Aliyense womangidwa alinso ndi ufulu womva mlandu wake m'chiyankhulo chimene amamva, choncho kusaina pepala la Chipwitikizi lomwe sadakumasulire n'kudzimangirira wekha. Lamulo lakale la amalinyero limasiyanitsanso wolowa m'madzi a eni ake kukasodza ndi wokankhidwa ndi mphepo kapena wofera injini. Wachiwiriyu ndi munthu wofuna thandizo. Zoterezi zimavuta kutsimikiza ngati munthu alibe chiphaso, laisensi ya usodzi, kapena nambala paboti. Kwa otsala kumudzi, kudikira mwakachetechete n'kumene kumatalikitsa nkhani: ofesi ya usodzi, polisi ndi bwanamkubwa adziwe tsiku lomwelo, chifukwa akuluakulu a maboma a m'malire amalankhulana, ndipo Malawi ndi Mozambique ali ndi komiti yokhazikika yokambirana za chitetezo. Zomwezi tiyenera kuwachitira anzathu akagwidwa kuno. Malamulo aakulu a dziko lathu amati womangidwa aonekere kukhoti pasanathe maola 48, ndipo sadati Mmalawi yekha.

Chimene ndikuona kuti chikusoweka si chachikulu ngati kuthetsa mlandu wa 1890. Ndi pepala la masamba ochepa, losainidwa ndi mayiko atatu, lomasuliridwa m'Chichewa, Chiyao, Chitonga, Chiswahili ndi Chipwitikizi, n'kukhomedwa padoko lililonse. Linene kuti maboti ndi maukonde azikhala ndi nambala, nyengo yotseka ikhale imodzi, neti ya udzudzu ndi zida zina zoononga ziletsedwe mbali zonse, wogwidwa asamenyedwe ndipo kwawo kudziwitsidwe pasanathe tsiku, boti libwezedwe akapereka chikole chodziwika mtengo wake, ndiponso mafumu ndi makomiti a madoko oyang'anizana azikumana kuweruza milandu ya maukonde. Anthu ambiri ali kale ndi foni za m'manja zomwe zingasonyeze pamene boti lili. Chofunika n'choti mzerewo auike m'manja mwa asodzi m'malo mousunga m'kabati ku Lilongwe ndi ku Maputo.

Mlandu wa malume anga sudafike kukhoti lililonse. Padali mkulu wina padoko lathu yemwe adakwatira tsidya lija, ndipo atamva mtundu wa botilo ndi utoto wake adati akulidziwa. Uthenga udawoloka ndi amalonda a usipa, udafika kwa mfumu ya kumeneko, ndipo patatha miyezi itatu padabwera mnyamata ndi mpukutu wa ulusi ndi ndalama zosakwana theka la mtengo wa ukonde. Adagwada n'kunena kuti, "Bambo, akuti pepani, kudali mdima." Malume adalandira, adamupatsa nsima ya kampango, adagona kwathu. M'mawa mnyamatayo atakwera boti, malumewo adatenthetsa msomali pamoto n'kuyamba kulemba zilembo za dzina lawo pachoyandamitsa chilichonse cha ukonde, chimodzichimodzi, ine ndikuwagwirira chingwe.